Kusunga jeti ya gulu lachionetsero ikapuma pantchito

Jeti yomwe yatha zaka 30 kapena 40 ikutembenuzika m'mlengalenga pamaso pa anthu imatera komaliza idakali ndi zophulika, mafuta ndi mpweya wopanikizika woti n'kupha munthu. Zimenezi zikachoka, chinyezi chimayamba kuidya mwakachetechete. Ntchito yoisunga imatsata dongosolo lomweli: yambani ndi zomwe zingakupwetekeni, kenako zomwe zingaiwononge, maonekedwe pambuyo. Ambiri amathamangira penti, ndipo ndi pamene amalakwitsira.

Chitsanzo chathu chachikulu chikhala Hawk T1, ndege yomwe gulu la Red Arrows la ku Britain linayamba kuonetsa nayo mu 1980 litasiya Folland Gnat. Komabe zambiri zikugwiranso pa F/A-18 Hornet yomwe Blue Angels a ku America anaulukira kuchokera mu 1986 mpaka 2020, pa Alpha Jet ya Patrouille de France, kapena CT-114 Tutor ya Snowbirds ku Canada.

Isanatere komaliza

Gwirizanani ndi eni ndege mfundo zitatu polemba: ndani akhale mwini wake, ikhala m'nyumba kapena panja, ndipo ndi zipangizo ziti zomwe asilikali achotse. Ku America, ndege zambiri zankhondo zomwe mumaziona m'malo oonetsera zinthu zakale ndi zobwereka. Za asilikali apamadzi zimakhalabe m'manja mwa National Naval Aviation Museum ya ku Pensacola, ndipo wobwereka sangasinthe penti kapena kuboola paliponse popanda chilolezo.

Mfundo yachitatu ndi imene imapweteka. Gulu likadauluka ndege za mtundu womwewo, amakaniko amafuna chipangizo chilichonse chomwe chidakali ndi moyo: injini, mabuleki, mawotchi a m'chipinda cha woyendetsa. Sangaletsedwe, ndipo akulondola. Chomwe mungapemphe n'chakuti pa chilichonse chochotsedwa abwezeretsepo china chotha ntchito cha mtundu womwewo. Mukachedwa kupempha, mulandira chigoba chokhala ndi maenje pomwe panali mawotchi. Jambulani ndege yonse isanakhudzidwe, mbali ndi mbali, mkati mwa zitseko zonse, ngakhale timapepala tomata ndi zolemba za amakaniko.

Musaiwale mabuku ake. Ku RAF, gulu la asilikali a m'mlengalenga la ku Britain, buku lalikulu la ndege iliyonse ndi Form 700, ndipo pamodzi nalo pamakhala zolemba zoonetsa kutopa kwa chitsulo. Jeti yachionetsero imatopa msanga kuposa maola ake chifukwa imapanikizidwa pa ulendo uliwonse. Mabukuwa ndi amene amakuuzani pomwe panapezeka ming'alu ndi pomwe anakonza, ndipo mudzawafuna poganiza zoinyamula kapena kuipachika.

Kuchotsa zoopsa

Iyi si ntchito ya anthu ongodzipereka, ngakhale akhale amakaniko odziwa. Mpando wothawira pangozi, womwe mu Hawk T1 ndi Martin-Baker Mk 10, uli ndi makatiriji ophulika ndi roketi pansi pake. Mu Novembala 2011, woyendetsa wa Red Arrows anamwalira ku RAF Scampton mpando wake utamuponya m'mwamba ndege ili pansi, parachuti osatseguka. Mipando iwiri yonse ichotsedwe ndi akatswiri a zida, achotsemo zophulika zonse, kenako aibwezeretse yopanda kanthu.

Pagalasi lophimba woyendetsa pali kachingwe kokhotakhota komwe anthu ambiri amayesa chokongoletsa. Kachingweko ndi kophulika, ndipo ntchito yake ndi kuswa galasi kuti mpando udutse. Kachoke, ndipo mutha kuikapo kofanizira kuti maonekedwe asasinthe. Mabotolo ozimitsira moto nawonso amakhala ndi timakatiriji. Musalandire ndege popanda chikalata chosainidwa chotsimikiza kuti mulibe chophulika chilichonse, ndipo chikalatacho chitchule malo aliwonse omwe anayang'ana.

Kenako mpweya ndi madzi opanikizika. Haidiroliki ya ndege zotere imagwira pa mphamvu ya 3,000 psi (muyeso wa kupanikizika), ndipo matanki ang'onoang'ono a naitrojeni amasunga mphamvuyo ngakhale injini itazima kalekale. Munthu akagwedeza chogwirira m'chipinda cha woyendetsa, chitseko cha tayala kapena buleki ya mphepo itha kuyenda mwadzidzidzi mnzake ali pansi pake. Tulutsani mphamvu yonse motsatira buku la ndegeyo, ndipo mapini otsekera miyendo akhale m'malo mwake nthawi yonse. Okosijeni atulutsidwe panja, kutali ndi girizi kapena oilo, chifukwa okosijeni akakumana ndi mafuta amabuka moto popanda machesi. Mabatire achoke tsiku loyamba: akatayikira amadya aluminiyamu.

Mtundu uliwonse uli ndi choopsa chakechake. F-16 ya Thunderbirds, gulu lina lachionetsero la ku America, imanyamula malita pafupifupi 25 a H-70, poizoni wokhala ndi 70 peresenti ya hydrazine, woyendetsera makina a magetsi a pangozi. Jeti zakale kwambiri zitha kukhala ndi mawotchi opakidwa penti wa radium, yemwe amatulutsa cheza choopsa, choncho yesani ndi chida choyezera musanatsegule wotchi iliyonse. Penti woyamba wobiriwira kapena wachikasu wa m'kati amakhala ndi chromate, mabawuti ambiri ndi okutidwa ndi cadmium, ndipo fumbi la zonsezi si lopuma.

Mafuta ndi makina a utsi

Hawk imatenga malita pafupifupi 1,700 m'matanki ake a m'kati. Kupopa kokha sikuwatha. Otsala amakhala m'makona a phiko, ndipo pomwe mafuta akumana ndi madzi pamamera nkhungu yomwe imadya chitsulo cha thanki kuchokera m'kati. Tsegulani potulutsira ponse pa pansi, tsegulani zivundikiro, pukutani ndi manja pomwe mungafike, kenako pitirizani kupemerera mpweya mpaka chida choyezera chionetse kuti mulibenso nthunzi yoyaka. Ku malo osungira ndege a Davis-Monthan ku Arizona, amadutsitsa oilo wopepuka m'njira zonse za mafuta kuti asiye kansalu koteteza. Njirayi ndi yabwino ngati injini ikukhalabe m'ndege.

Makina a utsi ndi amene amasiyanitsa ndege iyi ndi zinzake zonse za mtundu wake, ndipo ndi amene amaiwalika kawirikawiri. Pa Hawk ya Red Arrows, thanki yake ili pansi pa mimba, pomwe pakadakhala mfuti. Kwa zaka zambiri utsi woyera wakhala mafuta a dizilo okha othiridwa mu mpweya wotentha wotuluka mu injini kudzera m'timapaipi titatu ta kumchira. Wofiira ndi wabuluu ndi dizilo wosakaniza ndi utoto, magawo atatu a dizilo pa gawo limodzi la utoto. Thankiyo imakwanira mphindi zisanu za woyera, imodzi ya wofiira ndi imodzi ya wabuluu. Utoto umenewu ukasiyidwa umauma n'kutseka mapaipi, kapena umadontha pang'onopang'ono nyengo yotentha n'kudetsa simenti kosachoka. Tsukani mapaipi ndi dizilo woyera mpaka atuluke wopanda mtundu, umitsani, tsekani kukamwa kwake. Koma zipsera za utoto zomwe zili pamchira zisiyeni. Ndi umboni wa ntchito yomwe ndegeyo inkagwira. Momwemonso pa Hornet ya Blue Angels: thanki ya utsi yomwe inalowa m'malo mwa mfuti kumphuno, ndi sipuling'i yomwe imakoka ndodo yowongolera, zisachotsedwe pofuna kuibwezera ku maonekedwe a ndege yankhondo.

Kuisamutsa

Ngati komwe ikupita kuli bwalo la ndege, kuiulutsa ndiye njira yosawononga. Apo ayi, iyenda pa lole. Phiko la Hawk ndi limodzi kuchokera nsonga mpaka nsonga, lotalika mamita 9.4, ndipo miyendo iwiri ikuluikulu ili m'phikomo. Mukalichotsa, thunthu silingaimenso lokha, choncho konzeranitu zoikapo zopindika mofanana ndi mimba yake, zogwira pamalo olimba osonyezedwa m'buku. Masulani mawaya ndi mapaipi pa zolumikizira zake, osadula, ndipo lembani chizindikiro mbali zonse ziwiri. Mabawuti a malo amodzi alowe m'kathumba kamodzi kolembedwa.

Samalani ndi kulemera. Mukachotsa mipando ndi zida za kumphuno injini ili momwemo, ndege imapepuka kutsogolo ndipo itha kukhalira mchira munthu akangokwera kumbuyo. Ikani chochirikiza kumchira musanachotse kalikonse. Pokweza ndi kireni, kulemera sikulinso pomwe buku likunena, ndiye nyamulani masentimita ochepa kaye muone mmene ikupendekera.

Kulimbana ndi chinyezi

Denga limaposa mankhwala onse. Ndege yosungidwa panja imafuna penti watsopano pakapita zaka zochepa, ndipo penti wofiira ndi amene amafwifwa msanga padzuwa. M'nyumba, yesetsani kuti chinyezi chikhale pansi pa 50 peresenti ndipo chisamakwere n'kutsika kwambiri. Chikapitirira 60, dzimbiri limafulumira.

Dzimbiri la aluminiyamu silofiira. Limaoneka ngati ufa woyera kapena timatuza pansi pa penti, makamaka mozungulira misomali ya ndege ndi pomwe bawuti wachitsulo wakhudzana ndi aluminiyamu. Likafika poti chitsulo chikufufuma n'kumasendeka ngati masamba a buku, lalowa kale m'kati. Yang'anani ndi tochi ndi kagalasi m'malo a batire, m'mapanga a matayala, pansi pa mipando, ndi kumchira komwe kumakhala mwaye wa injini. Pochotsa musagwiritse ntchito bulashi ya waya wachitsulo, chifukwa tizidutswa take timatsalira mu aluminiyamu n'kuyambitsa dzimbiri lina. Palani ndi chopalira chosakhala chachitsulo, pakani mankhwala oteteza, ndipo m'malo obisika fayirani mafuta oletsa dzimbiri omwe amathamangitsa madzi.

Kulakwitsa komwe kumawononga ndege zambiri ndi kutseka mabowo onse. Kukamwa kwa injini ndi kumchira kutsekedwe kuti mbalame zisamangemo zisa, pakuti ndowe zake zimadya chitsulo. Koma timabowo ta pansi pa thunthu ndi mapiko ndi totulutsira madzi. Mukatimata ndi penti, madzi omwe amachita thukuta m'kati usiku amasowa kotulukira. Tisiyeni totsegula, muikepo kasefa koletsa tizilombo. M'chipinda cha woyendetsa ndi mu injini ikani matumba a silica gel oyamwa chinyezi pamodzi ndi kakhadi kosintha mtundu chinyezi chikachuluka, ndipo muzikayang'ana mwezi uliwonse.

Matayala asanyamule ndege. Akaima malo amodzi amaphwatalala ndi kung'aluka, ndipo tsiku lina amaphwa ndege n'kupendekera mbali imodzi. Ikani zochirikiza pansi pa ma ekiselo kuti tayala lingokhudza pansi. Miyendo nayo imatsika naitrojeni akamatuluka, ndiye mangani kolala yachitsulo pa gawo lonyezimira la mwendo kuti usafupike, ndipo gawolo lizikhala lopaka mafuta. Galasi la woyendetsa ndi pulasitiki: litsukeni ndi madzi, sopo wofatsa ndi nsalu yofewa basi. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi amoniya amalibweretsera timing'alu tambirimbiri tosachoka.

Penti ndi kaonetsedwe

Hawk XX308, yomwe inauluka ndi Red Arrows kuchokera mu 1985 mpaka 2012, inapita ku National Museum of Flight ku East Fortune, Scotland, mu 2018. Chomwe anthu amapitira kukaona pa ndege yotere ndi chakuti ndi yeniyeniyo, yomwe inadutsa pamwamba pa Edinburgh mu 1999 potsegulira nyumba ya malamulo ya Scotland. Penti wake woyambirira, ngakhale wokalika, ndi mbali ya mbiri imeneyo. Ngati ndege ikhala m'nyumba, tsukani, pakani phula loteteza, konzani pokhapo pomwe dzimbiri lakukakamizani, ndipo lembani chilichonse chomwe mwachita. Ngati kupentanso sikungapeweke, jambulani ndi kuyeza chilembo chilichonse kaye, ndipo siyani kachigawo kobisika ndi penti wakale.

Kupachika ndege kudenga kumaionetsa mmene anthu ankaidziwira. Ku Pensacola, ma A-4 Skyhawk anayi a Blue Angels ali m'mwamba mothithikana ngati ali pachionetsero. Koma zingwe zimangidwe pa mafupa enieni a ndege, injiniya atawerengera ndegeyo ndi denga lomwe, ndipo konzani njira yofikirako. Ndege yopachikidwa imafunikabe kutsegulidwa zitseko kamodzi pachaka kuti muone dzimbiri, komanso kuyendera zingwe ndi pomwe zagwira.