Momwe mungagwiritsire ntchito Forest kuti foni isamakudyereni nthawi yowerenga

Ambiri kuno ku Johannesburg tikuphunzira uku tikugwira ntchito, wina kosi ya UNISA, wina akuwerengera learners ya galimoto, koma ukafika kuchipinda madzulo nkungoti ndione kaye WhatsApp basi gulu la kumudzi lakugwira, kenako TikTok, mpaka 11 koloko buku silinatsegulidwe. Forest ndi app ya kampani ya ku Taiwan yotchedwa Seekrtech, inatuluka mu 2014. Umadzala kamtengo pa sikirini, ukaisiya foni kamakula, ukatuluka mu app nthawi isanakwane kamauma.

Choyamba idawunilodeni pa Play Store kapena App Store, bola pomwe pali wifi kuti data isathe.

Mukaitsegula muona kamtengo kali pakati pa bwalo, mumakoka ndi chala posankha nthawi, kuyambira mphindi 10 mpaka 120. Chonde musathamangire 120. Ikani 25 mupume 5, njira yotchedwa Pomodoro ya Francesco Cirillo, chifukwa munthu amene waima pa layini ya taxi ku Bree atagwira ntchito tsiku lonse sangalimbe maola awiri mutu uli pa buku, kamtengo kakauma kawiri katatu mudzangoti app yachabechabe pomwe vuto ndi nthawi yomwe mwasankha.

Musanadine batani la Plant lodzalira kamtengo yatsani Deep Focus, apa ndiye pagona nkhani. Ikakhala yozima mutha kukalowa pa Facebook mtengo osauma, ndiye kudzinamiza nokha kumeneko. Mukadina Plant, foni itembenuzeni muiike patali pang'ono. Ine chomwe chimandigwira mtima ndi choti kamtengo kouma sikangosowa ayi, kamakhalabe m'nkhalango yanu ya tsikulo pakati pa mitengo yobiriwira, mumachita kukaona ndi maso.

Akumudzi auzirenitu kuti 8 mpaka 9 mumakhala mukuwerenga, mauthenga muyankha mukamaliza, asaganize kuti mwayamba matama.

Pomwe app imavuta ndi apa, ambiri ma notes athu ali pa PDF m'foni yomweyo. Pali allow list yoikapo ma app omwe mukufuna azitseguka, ikanipo yowerengera PDF yokha basi, kapena pulintani masamba a sabata imeneyo pa internet cafe.

Mtengo ukakula mumapeza ma coins, ndipo akachuluka mutha kuwapereka kuti bungwe la Trees for the Future lidzale mtengo weniweni muno mu Africa. Kwa amene tinaona phiri la Ndirande likutha mitengo, chimenechi si chaching'ono.

Ngati muli ndi mnzanu wa kosi imodzi, kaya ali ku Randburg kaya ku Tembisa, yesani kudzala limodzi, app imalola. Mmodzi akangogonja mitengo ya nonse yauma, ndiye musankhe munthu wofunadi kukhoza mayeso.