Musamasiye "up" mukamanena "pick up"

Ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndikamachonga makope a ana a Fomu 4 okonzekera mayeso a MSCE ndimapeza chiganizo ichi: "My uncle will pick me at the depot." Ambirife timayankhula choncho, ngakhale m'maofesi. Koma "pick" payekha ndi kusankha, kapena kuthyola chipatso mumtengo. Munthu wa ku London akamva chiganizocho angaganize kuti amalume akukakusankhani pagulu la anthu. Cholondola ndi "My uncle will pick me up at the depot."

Yambani ndi tanthauzo lapafupi, la kutola chinthu pansi: "Pick up that pen." Kuchokera apo limafika pa kukatenga munthu pagalimoto. Ife izi siziyenera kutivuta, pakuti galimoto yoimaima m'njira kunyamula anthu timaitcha matola. Kutola kwake n'komweko.

Pamene ana anga amapunthwa kwambiri ndi pa malo oika "up". Mukatchula dzina la chinthu muli ndi ufulu: "pick up the book" ndi "pick the book up" zonse n'zabwino. Koma mukagwiritsa ntchito mlowam'malo, monga me, him, it kapena them, ayenera kukhala pakati. Nenani "pick it up". Chiganizo cha "pick up it" n'cholakwika, ndipo ine ndimachotsera malikisi pomwepo. Mukamakamba zakale, "ed" amapita pa "pick" basi: "I picked her up yesterday."

Matanthauzo enawo mumawadziwa poona mawu oyandikana nawo. "She is not picking up" ndiye kuti sakuyankha foni. "He was picked up by the police" ndiye kuti apolisi amugwira. Mwana akabwera ndi chimfine kuchokera kusukulu, "he picked up a cold".

Limene ndimalikonda ndi la kuphunzira osalowa m'kalasi. Mphwanga anakagwira ntchito ku Johannesburg, atabwerako tinangomva akuyankhula Chizulu pafoni. Palibe anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa, ankangomva anzake kuntchito ndi m'mateksi. Mwachingerezi timati "he picked up Zulu in Johannesburg". Mukati "he studied Zulu", womva aganiza za mabuku ndi mphunzitsi, zomwe sizinachitike.

Palinso pomwe mawuwa satsatiridwa ndi chinthu chilichonse. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Limbe, alimi n'kuyamba kulandira ndalama, wagolosale anganene kuti "business is picking up", kutanthauza kuti malonda ayamba kuyenda.

Madzulo ano lembani ziganizo zisanu za zomwe mwachita lero, zitatu zikhale ndi "it" kapena "them" pakati, kenako muziwerenge mokweza mpaka lilime lizolowere.