Mukamatumiza ya fetereza kumudzi, ikanipo ndi ya mitengo

Abale anga a kuno ku Joni, ine ndisanakwere basi yobwera ku Park Station ndinali mlangizi wa zaulimi kwathu, ndiye nkhani iyi imandikhala pamtima. Mwezi wa Okutobala ukafika tonse timathamangira ku Mukuru kutumiza ya fetereza, ya mbewu, ya aganyu, koma nditafunsa anzanga ku Mayfair ndi ku Diepsloot kuti pa bajeti imeneyo ya mitengo ndi zingati, palibe anayankha.

Onani mzinda tikukhalawu. Kale kuno kunali tchire la udzu basi, mitengo yonse mukuiona ku Saxonwold, ku Parkview, ma jacaranda ochita maluwa mu Okutobala aja, ndi yodzalidwa ndi anthu, ndipo ina yoyambirira anadzala chifukwa migodi ya golide imafuna mitengo yochirikizira pansi. Anaiwerengera ngati gawo la chuma. Ambiri a ife timagwira ntchito m'magadeni, timathena ndi kuthirira mitengo ya mabwana tsiku ndi tsiku, luso tili nalo kale, likungofunika lifike kumudzi.

Kwathu tinaona zomwe zimachitika phiri likameteka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ambiri anatisiya. Dothi lokokoloka m'minda limathera mu Shire n'kumakadzaza pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pomwe magetsi athu amachokera, ndiye magetsi akazima chigayo chaima, owotcherera aima, wometa waima. Mtengo wodulidwa ku Neno kapena ku Balaka umakhudza bizinesi ya munthu ali ku Limbe.

Tsono pulani yake ndi iyi. Munda muugawe m'mutu mwanu musanatumize ndalama. Momwe mumalima chimanga muikemo msangu, motalikana mamita 10 mbali zonse, pa hekitala imodzi ikwana 100. Msangu ndi wabwino chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga sichisowa dzuwa, masamba aja amasanduka manyowa pomwepo, chilimwe umapereka mthunzi ndipo nyemba zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya. Koma umachedwa, musayembekeze phindu chaka chamawa. Wofulumira ndi gilisidiya, mumadzala m'mizere pakati pa chimanga, mukumaudulira n'kukwirira masamba m'nthaka, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu dothi limayamba kusintha ndipo matumba a fetereza omwe mumatumizira ndalama chaka ndi chaka amatha kuchepako, nkhuni amayi akuzipeza pomwepo osapita kuphiri.

Malo otsetsereka kapena amiyala omwe chimanga chimakana, pamenepo ndiye pa nkhalango ya banja, mitengo ya milimo ndi matabwa. Apa ndichenjeze za bulugamu, anthu amaukonda poti umakula msanga ndipo mapolo ake amagulika, koma umamwa madzi kwambiri. Kuno ku South Africa minda ikuluikulu ya bulugamu ndi paini ngati ya ku Sabie imafuna laisensi ya madzi, chifukwa boma limadziwa kuti imachepetsa madzi m'mitsinje. Ndiye osaudzala m'dimba, pafupi ndi chitsime kapena m'mbali mwa mtsinje, kumeneko ikani mbawa, mkuyu, katope kapena nsungwi zogwira dothi.

Nthawi ndi pomwe ambiri timaphonyera. Nyengo yodzala mitengo ku Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma ine ndimati dzalani mu Disembala ndi Januwale mvula itakhazikika, wodzalidwa mu Malichi mizu imakhala isanazame chilimwe chikamafika. Kutanthauza kuti ya machubu ndi njere itumizidwe mu Ogasiti kuti nazale iyambe msanga. Njere ya msangu ndi yolimba chikopa, aidule pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo asanafese, ndipo mbande zake zisakhalitse m'machubu poti muzu wake umathamangira pansi. Njere ndi malangizo akafunse ku ofesi ya zankhalango ya pa boma kapena kwa alangizi a m'dera lanu.

Ngati ndalama zavuta chaka chino, pali njira yosalira khobidi. Auzeni kumudzi asazule ziputu zomwe zikuphukira m'munda, asankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo adule, mitengo yachilengedwe yotere imakula msanga chifukwa mizu ilipo kale ndipo chiswe sichiivutitsa ngati yodzala.

China chomwe ndaona chikudanitsa abale ndi umwini. Musanadzale pa malo a makolo khalani pansi, ngakhale pa WhatsApp, ndi amalume komanso a mfumu, zidziwike kuti mitengoyo ndi ya ndani ndipo wosamalira adzapeza gawo lanji, poti iyeyo ndi amene azithamangitsa mbuzi ndi kulambula udzu kuzungulira nkhalango mu Meyi moto wolusa usanayambe. Ya ntchito imeneyo muziitumiza payokha, ndipo akutumizireni zithunzi mu Okutobala, osati tsiku lodzala lokha, kuti muwerenge yomwe yapulumuka chilimwe n'kudziwa mbande zingati zobwezeretsa.