Momwe mungaumitsire chamba cha mankhwala osathawitsa fungo lake

Izi ndi za anzanga amene muli ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority (CRA), bungwe loyang'anira ulimi wa chamba m'Malawi, kapena muli mu kopaletivi yomwe ili nayo. Lamulo la 2020 lija linangolola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, chosuta apolisi akumangabe.

Fungo mumamva mukagwira duwa lija ndi mafuta otchedwa ma terpene, amakhala mu timadontho tonyezimira tomata zala tija, momwemonso muli THC, mankhwala a mu chamba amene amaledzeretsa, ndi CBD amene saledzeretsa. Mwa ma terpene amenewa, myrcene amapezekanso mu mango, limonene mu makoko a ndimu, pinene mu paini, caryophyllene mu tsabola wakuda wothira mu nyama uja. Ndipo sikununkhira kokha ayi. Mu 2008 ofufuza anapeza kuti caryophyllene amakagwira malo otchedwa CB2 m'thupi, okhudzana ndi kutupa, koma saledzeretsa, ndiye mu 2024 a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaona kuti anthu akalandira limonene pamodzi ndi THC nkhawa ija imene THC amabweretsa imachepako. Zina zomwe ogulitsa amalemba, monga zoti myrcene amagonetsa, umboni wake ukadali wochepa. Koma wogula weniweni akatenga sampulo kupita nayo ku labu amayang'ananso ma terpene, ndipo mafuta amenewa sachedwa kuuluka akamva kutentha.

Dulani m'mamawa dzuwa lisanakwere, nthambi zonse, osapulula maluwa. Chotsani masamba akuluakulu basi. Zoyanika pa lona pabwalo iwalani, chigafa cha fodya cha mbali zotseguka nachonso ayi, kuwala ndi mphepo yotentha zimakubelani mafuta. Pezani chipinda cha mdima chopita mpweya, makamaka chofolera ndi udzu kapena cha siling'i chifukwa malata masana amawotcha, mupachike nthambi chozondotsa pa chingwe zisakhudzane. Kutentha kukhale 15 mpaka 21 digiri, chinyezi 55 mpaka 60 peresenti. Fani ngati muli nayo iloze kukhoma osati pa maluwa.

Apa pa chinyezi ndi pomwe ine zinandivuta. Kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, ndinagula kwa mkulu wina wa pa WhatsApp amene amagulitsanso ma chaja ndi mawotchi, kotchipa ndithu, kamangoonetsa 58 tsiku ndi tsiku. Kunja chiperoni chili mkati, zovala sizikuuma, iko 58 yomweyo. Pomwe ndimathyola duwa limodzi lalikulu kuti ndione, mkati munali chuku chotuwa ngati thonje, fungo la ndimu lija litasanduka la chinyontho. Chamba cha chuku sichipita kwa wodwala, ngakhale mudule mbali yowolayo, mzere wonse unatayidwa. Ndiye musanakakhulupirire kachipangizoko kayeseni kaye. Thirani mchere mu kachitsekerero ka botolo, dontheza timadzi ungonyowa osasungunuka, ikani pamodzi ndi hygrometer mu chigubu chotseka bwino usiku wonse. Mawa lake kayenera kuonetsa 75. Kakaonetsa 70 dziwani kuti kamachotsa 5, muziwonjezera nokha, kakaonetsa 58 kapatseni ana aziseweretsa. Gulani tiwiri kwa anthu osiyana, mtengo umakwera ndi dola koma sungafanane ndi mzere wa maluwa. Nyengo ya chinyezi ikafika talikitsani nthambi, maluwa onenepa kwambiri muwagawe.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri pindani kanthambi kakang'ono, kakathyoka kuti thyo ndiye kuti zauma, kakangopindika dikirani. Osathamangitsa ndi mbaula.

Kenako dulani maluwa, ikani m'mabotolo agalasi osadzadzitsa, majumbo ayi. Sabata yoyamba muzitsegula tsiku lililonse mphindi zochepa, chinyezi cha mkati chikhale 58 mpaka 62. Sungani pozizira pa mdima, lembani deti ndi mtundu wa mbewu pa botolo lililonse, a labu ndi a CRA amafunsa zimenezo.