Kusintha mavidiyo a ma ekisasaizi mu pulogalamu ya makochi osasokoneza mbiri ya osewera

M'mapulogalamu a makochi monga TrueCoach, TrainHeroic ndi TeamBuildr, ekisasaizi iliyonse ili ndi malo ake pomwe pamakhala dzina, malangizo ndi vidiyo. Pomwepo ndi pamenenso pamasungidwa mbiri ya wosewera, kuti mwezi watha ananyamula makilogalamu angati komanso kangati. Choncho mukafuna kuchotsa vidiyo yakale, lowani mu ekisasaizi imene ilipo kaleyo, musinthe vidiyo yokhayo. Musafufute ekisasaiziyo n'kupanga ina. Mukatero pulogalamu imaiona ngati yachilendo, manambala a wosewera amagawika pawiri, ndipo simungaonenso bwino ngati wosewera wanu akupita patsogolo kapena ayi.

Yambani ndi kalembera. Mu Google Sheets kapena Excel lembani dzina la ekisasaizi, linki ya vidiyo, chaka chimene inajambulidwa ndi vuto lake. Musavutike kuyambira pa A mpaka Z. Tengani kaye zimene zili m'ndondomeko ya masabata anayi akubwerawa, chifukwa ndi zimene osewera atsegule mawa. Apa mupeza mapasa ambiri: "RDL", "BB RDL" ndi "Romanian deadlift", zonse chinthu chimodzi. Sungani imene ili ndi mbiri yambiri, zinazo mulembe YAKALE kutsogolo kwa dzina kuti kochi mnzanu asazisankhenso. Mayina onse ayambe ndi chida, monga Barbell Romanian Deadlift ndi Dumbbell Romanian Deadlift.

Ntchito yeniyeni ili pojambula. Imikani foni pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) pa msinkhu wa chiuno, mamita atatu kapena anayi kuchokera pa munthu, kuti thupi lonse ndi chitsulo zioneke ngakhale manja atakwera pamwamba pa mutu. Kuwala kuchokere kumbuyo kwa kamera. Mukaloza pa windo, munthuyo amangooneka mthunzi. Deadlift jambulani cham'mbali kuti msana ndi chiuno zioneke, pomwe squat imafuna mbali komanso kutsogolo, chifukwa bondo lolowa m'kati limaoneka bwino kuchokera kutsogolo. Pa Nordic hamstring curl, vidiyo ionetse manja a mnzake atakanikiza akakolo pansi, thupi lili chiwongokere kuyambira m'mawondo mpaka m'mapewa, kugwa pang'onopang'ono, kenako zikhato zikulandira thupi pansi. Mapazi akakhala kunja kwa chithunzi, wosewera amene ali yekha kunyumba sadziwa n'komwe kuti pamafunika womugwira.

Kubwereza katatu n'kokwanira, masekondi 15 mpaka 25. Wosonyezayo anyamule chitsulo chopepuka. Cholemera chimapotoza thupi, ndipo osewera amatengera zimene aona, osati zimene mwalemba. Zothamanga ngati power clean ndi box jump jambulani pa 60 fps (zithunzi 60 pa sekondi iliyonse) kuti chithunzi chisachite mbuu munthu akaimitsa vidiyo. Zimitsani nyimbo za mujimu, popeza Content ID, njira ya YouTube yofufuzira nyimbo za eni ake, imazizindikira ndipo vidiyo itha kutsekedwa m'mayiko ena. Wojambulidwayo avomereze, ndipo ngati sanakwane zaka 18, mulandire chilolezo cha makolo.

Samalani kukula kwa failo. Pa iPhone, mphindi imodzi ya 4K pa 60 fps imadya pafupifupi 400 MB, zimene wosewera woonera pa bandulo sangakwanitse. Lowetsani vidiyo mu HandBrake, pulogalamu yaulere, musankhe Fast 720p30. Vidiyo ya masekondi 20 imatsika kufika pa ma MB ochepa chabe, koma mawondo ndi msana zikuonekabe bwino. Kumbukirani kuti chisankho chimenechi chimachepetsa zithunzi za pa sekondi kufika pa 30 fps, ndiye pa ma ekisasaizi othamanga aja kwezani Framerate ifike 60. Komanso pa iPhone, mu Settings, Camera, Formats, sankhani Most Compatible kuti izijambula mafailo a mtundu wa H.264, chifukwa mtundu wina wa HEVC umakana kutseguka pa mafoni ena akale.

Ngati mumaika linki ya YouTube, vidiyo ikhale Unlisted, kutanthauza kuti aliyense amene ali ndi linki atha kuiona. Ikakhala Private, inu muziiona bwinobwino poti mwalowa ndi akaunti yanu, koma wosewera azingopeza uthenga woti vidiyo palibe. Onaninso kuti Allow embedding ndi yochongedwa, apo ayi siisewera m'kati mwa pulogalamu. YouTube siilola kusintha failo pa linki yomweyo, choncho vidiyo yatsopano imabwera ndi linki yatsopano, ndipo yakaleyo musaichotse kufikira mutamaliza kusintha paliponse pomwe inali. Vimeo, tsamba lina loikapo mavidiyo, ndiyo imalola kuika failo ina linki osasintha.

Ma ekisasaizi amene anabwera ndi pulogalamu nthawi zambiri sasinthika, mumafunika kupanga yanuyanu. Apa mbiri igawika ndithu, ndiye chitani zimenezi poyamba gawo latsopano la maphunziro, ndipo mukopere nambala yomaliza ya wosewera aliyense m'malangizo.

Mukamaliza, musayese pa kompyuta yanu. Pangani akaunti yoyeserera ya wosewera, mutsegule pa foni ya Android ndi data, Wi-Fi mutazimitsa. Tsegulani tsiku limene munatumiza kale komanso limene mwangolemba kumene, chifukwa mapulogalamu ena amasintha vidiyo paliponse nthawi imodzi pomwe ena amasiya ndondomeko zotumiza kale momwe zinalili. Ngati vidiyo yatsopano yasintha kachitidwe, monga kuima motangadza pang'ono pa squat, tumizani uthenga kwa timu yonse. Wosewera amene wachita squat kwa zaka ziwiri sadinanso vidiyo pokhapokha mutamuuza kuti muli zatsopano.