Malangizo kwa mamonita a masankho: katumizidwe ka malipoti pa SMS

Malangizo awa ni a inu amene mwaphunzitsidwa kupenyelela masankho pa malo amodzi oponyela voti, ndipo muli ndi khadi yocokela ku bungwe la masankho la m'Zambia la ECZ. Nchito yanu ni kuona ndi kutumiza zimene mwaona. Simuli wapolisi, simuli woimila cipani, komanso simuloledwa kugwila bokosi kapena pepala la voti.

Timaseŵenzetsa SMS cifukwa imapita ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndipo siifuna intaneti. Pa masankho a pa 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kuseŵenza kwa anthu ambili m'dziko muno, koma mameseji wamba anali kupita. Gulu la machechi la CCMG lakhala likulandila malipoti a mamonita ake mwa njila imeneyi kuyambila pa masankho a pulezidenti a mu 2015.

Dzulo lake, chajani foni mpaka idzale. Magetsi osawadalila, ngati muli ndi power bank, inyamuleni. Ikani talktime yokwanila, ndipo seŵenzetsani SIM imene munalembetsa pa maphunzilo, kaya ni ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Kompyuta yolandila malipoti imakudziŵani ndi nambala imeneyo. Mukabweleka foni ya mnzanu, meseji yanu ingakanidwe. Pitaninso ku malowo kukali koŵala, muone pamene netiweki imagwila bwino: kungakhale kuseli kwa kalasi kapena pa culu pafupi ndi mseu.

Fikani isanakwane 05:30, cifukwa kuvota kumayamba 06:00. Onani ngati mabokosi aonetsedwa kwa onse kuti mulibe kanthu asanawatseke, ngati buku la maina a ovota lilipo, ndiponso ngati inki yopaka pa cala ilipo. Masana, yang'anani ngati aliyense aonetsa NRC yobiliŵila ndi khadi yovotela asanapatsidwe mapepala.

Kalembedwe ka meseji ndiye pofunika kudekha. Yambani mwalemba mayankho pa fomu yanu ya pepala ndi bopeni, ndiyeno muwakopele mu foni. Funso lililonse lili ndi cilembo cake, yankho lililonse lili ndi nambala yake. Tiyelekeze kuti pa fomu yanu funso A lifunsa nthawi imene malo anatsegulidwa, ndipo 1 atanthauza kuti anatsegula pa nthawi yake. Funso B lifunsa ngati mabokosi anaonetsedwa, ndipo 1 ni inde, 2 ni iyayi. Mudzalemba nambala ya malo anu, kenako A1B1, mopanda mipata. Osaikapo moni, osaikapo "zikomo", osafotokoza nkhani. Amene ayamba kuŵelenga ni makina, ndipo liu limodzi lowonjezela liwasokoneza. Samalani kwambili ndi ziro ndi cilembo O, komanso 1 ndi cilembo I; pa kafoni kakang'ono zimaoneka zofanana. Ŵelengani kaŵili musanatumize.

Mukatumiza, yembekezani meseji yokuuzani kuti lipoti lafika. Ikakuuzani kuti funso lina lasoŵa, tumizani yankho la funso limenelo. Ikapanda kubwela, yesaninso pakapita mphindi zocepa, ndipo zikakanga tumilani foni kwa woyang'anila wanu. Tulukani panja potumiza meseji, ndipo musajambule munthu amene ali kuvota.

Cikacitika coopsa, monga ndewu, kuopseza ovota, kapena kuimitsa kuvota, musadikile nthawi ya lipoti lotsatila. Pitani pamalo otetezeka coyamba, ndiye mutumize. Koma tumizani cimene maso anu aona. Zimene wina wakuuzani kuti zacitika ku sukulu ina si zanu; kumeneko kuli monita wina. Mphekesela imodzi ikaloŵa m'malipoti, imaipitsa nchito ya anzanu onse amene akhala tsiku lonse ndi njala kuti alembe zoona.

Kuvota kumatha 18:00, koma amene ali kale pa mzele amaloledwa kuvota. Mavoti amaŵelengedwa pa malo omwewo. Musacoke, olo kuŵelenga kufike pakati pa usiku. Woyang'anila malo akalengeza zotuluka ndi kuzilemba pa fomu ya GEN 20, kopelani manambala monga mmene alili: mavoti a munthu aliyense wopikisana, mavoti okanidwa, ndi onse pamodzi. Amene wapeza ziro, mulembeleni 0, osamulumpha. Wonkhetsani nokha muone ngati zigwilizana. Ngati sizigwilizana, musakonze. Tumizani zimene zili pa fomu, ndipo muuze woyang'anila wanu.

Manambala anu adzaphatikizidwa ndi a malo ena amene anasankhidwa mwa masamu kuti aimile dziko lonse, kuti aone ngati zimene ECZ yalengeza zigwilizana ndi zimene zinaŵelengedwa pa malo ovotela. Kucokela mu 2016, wopambana pa upulezidenti afunika kupeza mavoti opitilila theka, conco malo amodzi akasoŵa lipoti, ciŵelengelo cimafooka. Olo malo anu akhale kutali kapena ovota akhale ocepa, tumizani.

Zotuluka zimene mwakopela musaziike pa Facebook kapena kuzitumiza ku magulu a pa WhatsApp. Wolengeza wopambana ni ECZ cabe. Mameseji amene mwatumiza musawafafanize, ndipo mafomu anu a pepala muwasunge posanyowa mpaka woyang'anila wanu adzawatenge.