Kumanganso Mtenje wa Land Rover Yakale ndi Kutseka Modontha

Malangizo awa ndi a mtenje wolimba wochotseka wa Land Rover za Series II, IIA ndi III, zopangidwa kuyambira 1958 mpaka 1985, yaifupi ya mainchi 88 ndi yaitali ya mainchi 109 (kuyeza kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa tayala lakumbuyo). Awerengeni onse musanagwire sipanala.

Mtenjewu uli ndi zigawo zingapo: chapamwamba cha aluminiyamu chokhala ndi ngalande mozungulira, mbali ziwiri zokhala pa bodi, ndi chitseko chakumbuyo. Kutsogolo, chapamwambacho chimamangidwa pa felemu ya galasi. Paliponse pamene zigawozi zakumana pali mphira, ndipo mphira imatseka madzi pokhapokha mabauti ataipana mofanana. Motoka imene yayenda zaka zambiri m'misewu ya fumbi yokumbika imakhala ndi mabauti omasuka ndi mabowo okula, mtenje n'kumagwedera. Mukapaka guluu pa mtenje wogwedera, guluuyo ang'ambika mvula isanathe. Yambani ndi mabauti, guluu abwere pambuyo.

Kupeza polowera madzi

Pamene madzi akudonthera si pamene alowera. Amatha kulowa pakona yakumbuyo, n'kuyenda m'mphepete mwa mtenje mkati, n'kukagwera pa bondo la woyendetsa akaponda mabuleki. Imikani motoka pamalo osapendekeka. Munthu mmodzi akhale mkati ndi tochi ndi choko, wina panja ndi hosipaipi yotulutsa madzi pang'onopang'ono. Yambirani pansi, pamene mbali zakhala pa bodi, kenaka mawindo, kenaka ngalande, pamwamba pomalizira. Malo alionse thirani mphindi ziwiri kapena zitatu musanasunthe. Mukayambira pamwamba, ponse panyowa nthawi imodzi ndipo simudziwa chilichonse. Makina otsukira motoka a mphamvu musawagwiritse ntchito, amalowetsa madzi ngakhale pamphira yabwinobwino.

M'chilimwe fumbi limakuchitirani ntchito imeneyi. Mukachoka paulendo wa msewu wa dothi, yang'anani mkati musanapukute: mzere wofiira wa fumbi pamsoko ukusonyeza pamene madzi adzalowere mu November. Komanso madontho amene mumawapeza kumtenje m'mawa mu June ndi July, kulibe mvula, si kudontha ayi. Ndi chinyezi cha mpweya wa m'kati chimene chagunda aluminiyamu wozizira. Mankhwala ake ndi kumata chofunda kumtenje, osati guluu.

Mabauti

CHENJEZO: Mabauti ambiri a bodi pa motoka izi ndi a muyeso wa mainchi, mtundu wa UNF. Bauti ya 1/4 imafuna sipanala ya 7/16. Bauti ya 5/16 imafuna sipanala ya 1/2. Musasakanize ndi mabauti a mamilimita.

Apa ndi pamene ambiri amaononga. Bauti ya M6 (ya mamilimita 6) imafanana kwambiri ndi ya 1/4 UNF, ndipo imalowa m'nati yake kawiri kapena katatu isanalimbe. Munthu amaganiza kuti ndi dzimbiri chabe, n'kukakamiza, mazinga n'kuphwanyika. Ngati mabauti a UNF sakupezeka, sinthani bauti ndi nati zonse pamodzi zikhale za M6 kapena M8, koma pamene nati inawotchereredwa ku chitsulo ikani UNF basi. Sipanala ya mamilimita 13 pa mutu wa 1/2 imalowa molobodoka ndipo imadya makona a bauti yolimba. Motoka zadutsa m'manja ambiri, choncho yesani bauti iliyonse payokha.

Bauti yokana kumasuka ithirireni mafuta omasulira dzimbiri madzulo, muiyese m'mawa. Moto musauyandikize. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 ndipo safiira kukuchenjezani monga chitsulo; mumangoona bowo. Ikakanabe, khomani kachizindikiro pakati pa mutu wake, bowolani ndi dirilo ya mamilimita 3, kenaka ya 6, mutuwo uthothoke.

Mukachotsa bauti mudzaona ufa woyera pozungulira bowo. Ameneyo ndi aluminiyamu amene wadyeka chifukwa chokhudzana ndi chitsulo pali chinyezi. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi, china chimadyeka, ndipo apa chodyeka ndi aluminiyamu. N'chifukwa chake mabauti onyezimira osachita dzimbiri, ngakhale amaoneka bwino, amafulumizitsa kudyekako akaikidwa opanda chotchinga. Abwino ndi mabauti okutidwa ndi zinki. Girisi wa kopa nayenso ndi mdani wa aluminiyamu. Palani ufawo ndi sandipepa, osati bulashi ya waya wachitsulo, pakani Duralac (mankhwala opaka otchinga zitsulo ziwiri kuti zisadyane) kapena penti yoyambira, ndipo pansi pa washa ikani washa wa pulasitiki. Akasowa, dulani kachidutswa ka chubu chakale cha tayala. Kamagwira ntchito bwino ndithu.

Bowo likakula kapena kukhala lamtali, musangomangapo bauti yaikulu. Dulani kachigamba ka aluminiyamu kochindikala mamilimita 2 kapena 3, kotalika mamilimita 40 mbali zonse, kaikeni kuseri ndi mariveti awiri, mubowole bowo latsopano. Mng'alu wochokera pabowo ubowoleni kumapeto kwake ndi dirilo ya mamilimita 3 kuti usapitirire, kenaka ikani chigamba. Manati abwino ndi aja okhala ndi pulasitiki mkati, amene samasuka ndi kugwedezeka. Nati yotere ikamasulidwa, tayani muike ina.

CHENJEZO: Ngati lamba wa pampando wamangidwa pa bulaketi ya m'mbali mwa mtenje, bauti yake ndi ya 7/16 UNF yolimba mwapadera. Musaisinthe ndi bauti wamba. Bulaketi yong'aluka kapena yodyeka isinthidwe, isawotchereredwe.

Kuchotsa ndi kubwezera

Ngati mphira za pansi zauma ndi kung'aluka, mtenje uyenera kunyamulidwa. Chotsani waya wa getsi la mkati, chotsani chitseko chakumbuyo, masulani mabauti a pafelemu ya galasi, a m'makona ndi a mabulaketi a m'mbali. Kunyamula kumafuna anthu anayi, mmodzi pakona iliyonse. Si kulemera kokha, koma mtenje ukapindika subwereranso. Ugonekeni pa matayala akale.

Mphira yatsopano ikhale yopangidwira motoka, kapena siponji yakuda yosamwa madzi. Muiyese: ifinyeni m'madzi, muitulutse, muifinyenso. Ikatulutsa madzi, ibwezeni. Siponji ya matiresi imasunga madzi pa chitsulo chaka chonse ndipo m'mphepete mwa bodi mumaola. Polowetsa mphira gwiritsani ntchito madzi a sopo. Girisi ndi oilo zimaitupitsa.

Pobwezera, lowetsani mabauti onse ndi dzanja, osamanga ngakhale imodzi. Bwezerani chitseko chakumbuyo, tsekani zitseko zonse, muone mipata. Mpata wa pamwamba pa chitseko chakutsogolo ufanane kumanja ndi kumanzere. Mabowo akutsogolo akapanda kukumana, masulani zomangira za felemu ya galasi muiweramitse pang'ono kufikira akumane. Osakoka felemuyo ndi bauti: galasi la motoka izi ndi lathyathyathya, ndipo felemu yokakamizidwa imaliswa pa bampu yoyamba. Zonse zikakhala m'malo, mangani kuyambira pakati pa felemu ya galasi kupita kumbali, kenaka makona mopingasa, kenaka mabulaketi. Zungulirani kawiri, ulendo woyamba pang'ono chabe. Bauti ya 1/4 isapitirire 10 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti, wowerengedwa pa sipanala yoyezera). Mphira ipanike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ikayamba kutumphukira kunja mwapitirira, ndipo aluminiyamu apindika pakati pa bauti ndi bauti, madzi n'kupeza njira pomwepo. Mukayenda makilomita 200, bwererani pa bauti iliyonse, chifukwa mphira yatsopano imakhala pansi.

Ngalande ndi mawindo

Msoko wa m'ngalande ndiwo umadontha kwambiri, makamaka m'makona ndi pamene pamangidwa miyendo ya kariya. Kariya yodzaza zigubu za madzi ndi matumba a chimanga imakoka ngalande uku ndi uku mpaka guluu wakale kusweka. Chotsani kariya musanayambe.

Guluu wakale yense achoke, mpaka chitsulo chioneke. Iyi ndiyo ntchito yotopetsa, ndipo ndi imene imapangitsa kuti zonse zitheke kapena zilephereke. Riveti yomasuka imadziwika ndi kamzere kakuda kozungulira mutu wake. Ibowoleni ndi dirilo ya mamilimita 5, muike ya aluminiyamu ya mamilimita 4.8 yotseka kunsi, mutaiviika m'guluu. Riveti wamba ili ndi bowo pakati ndipo imadontha yokha. Pukutani msoko ndi sipiriti, mudikire mphindi 15 kuti aume, chifukwa sipiriti wotsalira amalepheretsa guluu kuuma. Petulo, dizilo ndi parafini zimasiya mafuta, guluu sagwira.

Gwiritsani ntchito guluu wa polyurethane, monga Sikaflex 221. Silikoni wa m'bafa, uja wonunkha ngati viniga, amadya chitsulo, penti sigwirapo, ndipo pamene wapakidwa guluu wina sadzagwiranso mpaka mutapala kwambiri. Matani tepi mbali zonse za msoko, ikani mzere wa mamilimita 6 osadukiza, salazani ndi chala mutavala magolovesi, muchotse tepi guluu akadali wofewa. Chubu chimodzi cha mamililita 300 chimakwana mamita pafupifupi 10. Pa motoka yaitali gulani ziwiri. Musadzaze ngalande, madzi ayenera kukhala ndi poyenda. Guluuyu amauma ndi chinyezi cha mumpweya, mamilimita atatu kapena anayi pa tsiku, choncho m'miyezi youma mupatseni masiku awiri musanamuthire madzi. Mu October gwirani ntchitoyi m'mawa kapena pamthunzi, chifukwa pa aluminiyamu wotentha ndi dzuwa guluu amachita thovu.

Pakati pa mtenje ndi felemu ya galasi, ndi pakati pa mbali ndi bodi, polyurethane asafikepo. Amagwira kwambiri moti tsiku lochotsa mtenje mudzachita kudula ndi mpeni. Pamene mphira yasiya kampata, makamaka m'makona akutsogolo pamwamba pa zitseko, ikani tepi ya butyl, imene siuma ndipo imamatuka.

Mawindo ang'onoang'ono opindika a pamwamba, amene amapezeka pa mitenje ina, amadontha mphira yake ikafota. Yatsopano idulidwe yotalikirapo ndi mamilimita 10, ilowetsedwe mopanikiza, ndipo polumikizira pakhale pansi, osati pamwamba. Mawindo otsetsereka a m'mbali ndi a m'zitseko ali ndi timabowo totulutsira madzi pansi pa njanji yake. Timatsekeka ndi matope, madzi n'kusefukira mkati. Titokoseni ndi waya mvula isanayambe, kenaka bwerezani kuyesa ndi hosipaipi kuyambira pansi.